Vidiyo ya ku Wusakile Imene Ndinabisa

Ntchito yanga ndi yoonera m'kati mwa mapaipi a zonyansa. Kutchalitchi akandifunsa ndimangoti ndimagwira ku ofesi ya zamadzi, pa kompyuta, anthu n'kugwedeza mutu mwaulemu. Si bodza ayi. Koma chimene ndimachita pa kompyutapo ndi ichi. Gulu lathu la m'misewu limavundukula manihole, dzenje lija la chivundikiro chachitsulo lolowera ku paipi ya suweji, n'kutsitsiramo kagalimoto kakang'ono konyamula kamera ndi nyali. Kagalimotoko kamakwawa m'paipi kakujambula. Akabwerako amandipatsa mavidiyo, ine n'kukhala pansi kumaonera mita ndi mita, ndikulemba: apa pang'ambika, apa mizu ya mtengo yalowa, apa mchenga wadzaza theka. Satifiketi yanga ya zamadzi ndi ukhondo, imene bambo anga anaipachika pakhoma kwathu ku Pamodzi, ku Ndola, ndi imene inandifikitsa pamenepo.

Zimene ndimalembazo si zamasewera. Chaka chilichonse mvula isanagwe, ofesi imatulutsa mndandanda wa mapaipi oti akumbidwe n'kuikapo atsopano. Mndandandawo umakhala waufupi, pamene mapaipi odwala ndi ambiri. Paipi ikaphonya imadikira chaka china, ndipo ngati ili yoti igwa, imagwa mvula ili m'kati, zonyansa n'kubwerera m'mabwalo a anthu.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditangobwerera ku ntchito nditabereka mwana wanga woyamba, wamkazi. Tinkakhala ku Wusakile, komboni ya ku Kitwe, m'nyumba ya mgodi imene apongozi anga aamuna anaisiya: ine, amuna anga, mwana, ndi apongozi aakazi. Amuna anga amalowa pansi mumgodi mwa mashifiti, choncho za mwana zinali za ine ndi mayi awowo. Ndinali mayi wamantha. Mpaka pano ndikadali choncho. Mwana akatsokomola kamodzi ndinkaika khutu pachifuwa pake. Akagona nthawi yaitali ndinkamutsina kaphazi kuti ndione ngati atakataka.

Nyumba za mumzere wathu zimatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo paipi ya suweji imadutsa kuseri kwa zonse. Kumunsi kwenikweni kumakhala mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba ku msika wa ku Chamboli, ndi kamtsikana kake ka zaka zitatu. Bwalo lake ndilo lotsika kuposa onse. Paipi ikatseka, zimatulukira kwa iye.

Tsiku lina mwana ali ndi masabata ochepa, apongozi anandipeza ndikuponya dayapa, thewera lija lotaya, m'dzenje la zinyalala.

"Amake mwana, chimenecho n'chiyani?"

"Dayapa, amayi."

"Ya mdzukulu wanga? M'dzenje? Agalu akafukula, n'kuyenda nayo Wusakile yense, wina wa mtima wake n'kutola, mwanayo mudzamuona bwanji?"

"Ndiye ndiziwotcha, amayi."

"Muziwotcha! Iye mayo! Mukufuna matako a mwana atuluke zilonda? Chimbudzi cha khanda sichiona moto. Ku koleji sanakuphunzitseni?"

Anati kale matewera anali ansalu, ankachapa, madzi ake n'kuthira m'chimbudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kenako analoza ndi chibwano kuseri kwa nyumba. Manihole yathu chivundikiro chake anaba kalekale anthu ogulitsa zitsulo, pamwamba pake tinangoikapo lata ndi mwala.

"Zimenezi zizipita kumene kumapita zinzake," anatero.

Ndinkadziwa. Ndisaname kuti sindinkadziwa. Funso loti dayapa imatani m'paipi ndinaliyankha pa mayeso, ndipo ndinakhoza: imafufuma, siwola, imakola china chilichonse chodutsa. Za agalu ndi za zilondazo sindinkazikhulupirira. Koma kusakhulupirira kwangako kunali kochepa mphamvu. Sabata yomweyo mwana anatuluka tizilonda tofiira m'mphechepeche, apongozi anangondiyang'ana. M'mawa mwake ndinasuntha mwala uja, n'kukweza lata. Kuyambira tsiku limenelo ndinkatero m'mawa uliwonse, ndipo nditabwerera ku ntchito ndinkatero ndisanapite kokwera minibasi, nditavala kale malaya a ku ofesi. Ndinkaponyamo madayapa, pamodzi ndi tizidutswa ta nsalu topukutira mwana, timene ndinadula ku chitenje changa chakale chobiriwira chokhala ndi nkhanga zachikasu.

Ku ofesi ndinapeza mavidiyo ataunjikana. Miyezi yonse imene ndinali kunyumba ndi khanda, gulu la m'misewu linkajambulabe, koma woonera panalibe. Abwana athu, injiniya wamkazi wolankhula Chibemba ndi Chingerezi mothamanga ngati minibasi ya m'mawa, anati maso a munthu mmodzi sangathe. Anati kuli mapulogalamu a nzeru zochita kupanga, amene aliyense amangoti AI, oonera vidiyo ya paipi okha, n'kupeza ming'alu, n'kuika mapaipi pa mzere kuyambira wodwalitsitsa. Ofesi inaganiza zogula imodzi kuti mndandanda wa chaka chimenecho uchokere mmenemo. Anakhazikitsa komiti yosankha kampani, ine n'kundiikamo poti ndine ndinkadziwa mavidiyo.

A foromani, mkulu wa gulu la m'misewu, bambo wachikulire amene makolo awo anachokera ku Malawi, mkulu wa mpingo kwawo, ndiwo okha ankandilankhula Chinyanja pa ofesi. Atamva za komiti anaseka.

"Mayi wa kompyuta, akukubweretserani mnzanu wodya naye masana. Koma ameneyo mwina alibe mseru."

Munali mu Ogasiti pamene anandiikira pa desiki mavidiyo a ku Wusakile. Ndinatsegula yachitatu, n'kuona nambala ya manihole pakona. Ndinaiwerenga kawiri. Inali ya kumtunda kwa mzere wathu. Kagalimoto kanayamba kuyenda, madzi akuda akufika theka la paipi, makoma akale adothi lootcha a nthawi ya mgodi. Kanadutsa pansi pa nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Katangopitirira manihole yathu kanagunda khoma loyera lofufuma. Madayapa. Ambirimbiri, opanikizana ngati thonje m'thumba. Pakati pawo pankaweyula kansalu, ndipo nyali itakaunika ndinaona mutu wa nkhanga yachikasu.

Ndinatseka vidiyo msangamsanga ngati munthu wandipeza ndikusamba. Muofesi munalibe wondiyang'ana. Ndinapita kuchimbudzi, n'kusamba kumaso, n'kubwerera. Ndinatsegulanso, chifukwa panali china chimene diso langa linakola. Kamera isanaime, ikugwedezeka pogunda madayapa aja, nyali imaloza m'mwamba kamphindi kochepa. Denga la paipi linali litang'ambika m'litali, litatsika ngati msana wa bulu wolemedwa, dothi lofiira likuonekera pamng'alu. Ming'alu yotere ndinaionapo. Siidikira chaka.

Chofunika chinali chapafupi: kulemba lipoti, kuika chizindikiro chofiira, kupereka kwa abwana. Koma lipoti limayenda ndi chithunzi, ndipo chithunzi cha mng'aluwo chinali ndi nsalu yanga m'munsi mwake. A foromani anandionapo nditabereka mwana kumsana ndi chitenje chomwecho pamene anabwera kudzaona khanda. Ndinadziuza kuti ndilemba mawa. Ndinaika vidiyoyo m'foda ya zosamaliza. Mawa lake ndinatinso mawa.

Sabata yotsatira komiti inagwirizana za mayeso. Kampani iliyonse ipatsidwe mavidiyo twente ofanana, amene ine ndinawaonera kale, pulogalamu yawo iwerenge, tiyerekeze ndi zimene ndinalemba. Abwana anati, "Mwaiche, tisankhire." Mwaiche ndi mmene ankandiitanira, kunena kuti wamng'ono.

Kwathu mlendo akamabwera timasesa mpaka kumsewu. Mbale zobenthuka timalowetsa kuchipinda, tiyi amamwera m'kapu ya m'kabati imene ife eni ake sitiikhudza. Ndinasankha mavidiyo ndi mtima umenewo. Ndinatenga a m'tauni ndi a kumayadi, mapaipi apulasitiki osalala, madzi ochepa oyenda bwino, mng'alu ukaoneka ukuoneka poyera ngati m'buku la ku koleji. A ku Wusakile ndi ku Chamboli, a zisanza, zitsononkho, mchenga wotsukira mapoto ndi madzi ofika pa diso la kamera, sindinaikemo ngakhale imodzi. Ndinkadziuza kuti anthu akunja asatione ngati nkhumba. Zimenezo zinalimo ndithu. Koma pansi pake panali foda ija. Ndikanaika za m'makomboni, wina akanafunsa kuti nanga zatsopano za ku Wusakile zili kuti.

A foromani anaima kumbuyo kwanga ndikukopera mavidiyowo.

"Mwasesa pabwalotu, mayi," anatero.

"Ndi zooneka bwino, bambo, kuti makina asavutike."

"Eya. Makina asavutike." Anatenga chipewa chawo n'kutuluka.

Makampani anabwera atatu. Yoyamba, ya kunja, inkalankhula nafe pa kompyuta, ndipo inagwa tsiku lomwelo: pulogalamu yawo inkafuna intaneti yosaduka, pamene ife magetsi anathima msonkhano uli m'kati, nkhope ya bwana wawo n'kuuma pa sikirini kukamwa kuli yasa. Yachiwiri inali ya ku Lusaka, amuna awiri a masuti ogulitsa pulogalamu ya kunja. Yachitatu inali ya ku Ndola, kakampani ka anthu ochepa, ndipo anabwera ndi mayi mmodzi wa nsapato zafumbi, atanyamula laputopu m'chikwama cha kumsana.

Komiti inafunsa zambiri. Mavidiyo athu azisungidwa kuti? Tikasiyana nanu, adzakhala a ndani? Magetsi akapita, ntchito iima? A ku Lusaka ankayankha funso lisanathe. Pulogalamu yawo inamaliza mavidiyo onse tiyi asanazizire, n'kujambula timabokosi tofiira pa mng'alu uliwonse umene ndinalemba. A komiti ena anaomba m'manja. Ya mayi wa ku Ndola inachedwa, ndipo penapake inkaika chizindikiro chachikasu chonena kuti apa sindikutsimikiza, aone munthu. Mmodzi wa komiti anati, "Ndiye tigule makina otibwezera ntchito?" Anthu anaseka.

Mayiyo sanaseke. Anatembenukira kwa ine.

"Asisi, ndinu munasankha mavidiyowa?"

"Ndine."

"Mulibe oipa kuposa awa? Ine ndinakulira ku komboni, mapaipi athu ndimawadziwa. Awa akuoneka ngati a m'hotela. Ndipatseni onyansitsitsa amene muli nawo, muone pamene pulogalamu yanga igwere. Ndi bwino igwe lero muli pompano."

Chipinda chonse chinandiyang'ana. Ndinamva mkaka ukutsika m'mabere, monga zimandichitikira ndikachita mantha, ndipo ndinapinda manja pachifuwa.

"Awa ndiwo mapaipi athu," ndinatero.

Anandiyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu, n'kutseka laputopu yake. Potuluka anandigwira chanza ndi manja awiri.

Komiti inasankha a ku Lusaka. Anagwirizana kuti asanasaine mgwirizano wa zaka, pulogalamuyo iwerenge mulu wonse wa mavidiyo, mndandanda wa chaka chino uchokere mmenemo. Anakopera chilichonse cha pa kompyuta yanga, ndi foda ya zosamaliza yomwe. Kunena zoona ndinapuma. Ndinati basi, makina aupeza okha mng'alu uja, paipi ilowa pa mndandanda, dzina langa silikhalapo, ndipo makina sadziwa chitenje cha munthu.

Mndandanda unatuluka kumayambiriro kwa Okutobala. Ndinauwerenga nditaimirira, kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mzere wathu munalibe. Ndinatsegula zotsatira za vidiyo ija. Pulogalamu inaipaka zobiriwira. Inalemba kuti zinyalala zochepa, paipi ilibe vuto. Ndinatsegula ena a m'makomboni. Paliponse pamene madzi anali akuda ndi kamera yothimbirira, inkangoti zobiriwira, zobiriwira. Chimene sinachione inkati kulibe. Pa mayeso sizikanaoneka zimenezi, chifukwa ine ndinaipatsa zoyera zokhazokha.

Tsopano pa Kitwe yense munthu wodziwa za denga la paipi ija ndinali ine ndekha.

Ndinakhala nazo masiku naini. Sindikudziwa mmene ndingawafotokozere masiku amenewo kuti ndioneke munthu. Kunkatentha, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika. Ndikatsika minibasi ndinkadutsa dala njira ya kumunsi. Mayi wa ndiwo uja ankakhala akuthirira mabedi ake a repu ndi kalembula, masamba a mbatata aja, kamtsikana kake kakuumba timapoto tadothi pafupi ndi manihole ya pabwalo pawo.

"Mwaweruka, amake mwana? Abwana a madzi!"

"Ndaweruka, amayi."

"Kuno kukununkhatu masiku ano. Mukawauze anzanuwo."

"Ndikawauza."

Madayapa ndinali nditasiya kuponya kuyambira tsiku la vidiyo. Ndinkawamanga m'pulasitiki, n'kuika pansi pa chikwama changa, n'kukwera nawo minibasi kukataya m'bini ya ku ofesi. Apongozi atazindikira anandigwira mkono pakhomo.

"Mukupita nazo ku ntchito? Kumeneko akukutumani?"

Ndinawaonetsa vidiyo ija pa foni. Anaonera mpaka pothera, maso atatsinzinira.

"Ndiye kamera imalowa mpaka kumeneko? Anthu opanda ulemu."

"Amayi, paipi ikugwa."

"Nanga si mukanene? Si ndinu a ofesi?"

Kwa iwo zinali zapafupi choncho. Nsaluyo anaizindikira, sanaitchule.

Tsiku la naini, Lachinayi, kunagunda bingu masana, mvula osagwa. Mwana wanga anali atayamba kukwawa, ndipo m'mawa umenewo ndinamupeza atatulukira khomo la kuseri, manja ali m'dothi, akuika chala m'kamwa. Itakwana fotini awazi, 2 koloko masana, ndinanyamula laputopu n'kugogoda kwa abwana. Ndinawapeza akudya chinangwa chootcha ndi mtedza pa envulopu yakale.

"Ba injiniya, ndili ndi choti muone."

"Ika apa."

Anaonera akutafuna. Kamera itagunda madayapa n'kuloza m'mwamba, anasiya kutafuna.

"Bwezera. Imitsa. Pamenepo." Anayandikira sikirini. "Makina anati chiyani?"

"Zobiriwira."

"Iwe unati chiyani? Lipoti lako lili kuti?"

"Sindinalembe."

"Vidiyoyi inabwera liti?"

"Mu Ogasiti."

Anapukuta manja pang'onopang'ono. Ine mawu anangotuluka okha, osatsatana bwino. Ndinati ndi kuseri kwa nyumba yathu. Ndinati madayapawo ambiri ndi anga, nsaluyo ndi yanga, ndinkaponya m'mawa uliwonse. Ndinati mavidiyo a mayeso ndinasankha dala oyera, a m'makomboni ndinawasiya, ndipo mayi wa ku Ndola atandifunsa ndinanama pamaso pa komiti. Ndinkalira, mphuno ikutuluka, ndikupukuta ndi kuseri kwa dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Mwaiche," anatero, "ukuganiza kuti ine ndinakulira kumayadi? Ndinabadwira ku Chamboli. Mayi anga ankaponya m'manihole zinthu zoti sindingakuuze. Za dayapa sindikufunsa. Mzere wonse uja umaponya, ukuganiza kuti khoma lonselo ndi la mwana mmodzi? Ndikufunsa masabata seveni. Masabata seveni paipi ikulendewera pamwamba pa ana a anthu, iwe uli phee pa desiki ukuteteza chitenje."

 

"Awe," anateronso abwana, n'kutenga foni. "Ba foromani, bwerani kuno."

A foromani anaonera ataimirira, chipewa chili m'manja. Atafika pa nsalu ija sanandiyang'ane n'komwe, ndipo kusandiyang'anako kunandiwawa kuposa mawu a abwana.

"Iyi siifika Khirisimasi," anatero.

Abwana analemba mzere wathu ndi bolopeni pansi pa mndandanda. Pamwamba sakanatha kuuika. Kontrakitala wokumba anali atayamba kale kwina, mapaipi a saizi yathu anayenera kuitanitsidwa. Anandiuza mosabisa kuti lipoti likanabwera mu Ogasiti, paipi imeneyo ikanakhala yoyamba kukumbidwa, makina kapena popanda makina. A foromani anapita ndi gulu lawo kukazula madayapa ndi ndodo zazitali kuti madzi aziyendako, koma anati sangakankhe mwamphamvu, denga lingawagwere.

Ndinalandira kalata ya chenjezo. Kusaina mgwirizano ndi a ku Lusaka kunaimitsidwa, mayeso n'kubwerezedwa, ndipo abwana anandiuza kuti ndiimirire ndekha pamaso pa komiti ndi makampani awiri aja ndinene chifukwa chake. Za nsalu sanandikakamize. Ndinangoti mavidiyo oyamba ndinasankha ine, ndinasankha oyera, ndipo nditafunsidwa ndinayankha zabodza. A masuti aja anayang'anana. Mayi wa ku Ndola ndinkayembekeza kuti anena kuti paja ndinakufunsani. Anangolandira mavidiyo atsopano, n'kutsegula yoyamba, ya madzi akuda bii ndi chitsononkho chikuyandama, nkhope yake n'kuwala.

"Zikomo, asisi," anatero. "Izi ndiye ndinkafuna."

Pulogalamu yake inagwadi, monga ananenera. Mavidiyo ambiri inalephera kuwerenga. Koma ikalephera inkanena, inkaika chachikasu chija, aone munthu. Pa vidiyo ya kwathu inaima pa kamphindi kamene nyali imaloza m'mwamba, n'kuzunguliza denga, n'kuti mwina mng'alu, sindikutsimikiza. Ya ku Lusaka inapakanso zobiriwira, mwachangu ngati poyamba. Amuna aja anati pulogalamu yawo inaphunzira pa mapaipi a mayiko ena ndipo ikhoza kukonzedwa. Mwina n'zoona. Komiti inakangana masabata awiri, kenako inatenga ya ku Ndola, kwa chaka chimodzi choyesa. Ine anandichotsa mu komiti. Anandipatsa ntchito yophunzitsa pulogalamuyo mapaipi athu: kuonera mavidiyo a m'makomboni, n'kumazunguliza chinthu chilichonse, n'kuchitchula. Ichi chisanza. Uwu mchenga. Iyi dayapa. Uwu mng'alu wobisala kuseri kwa dayapa.

Mvula sinadikire komiti. Inagwa pakati pa Novembala, Loweruka masana, yamphamvu, ya maola awiri. Ndinali pakhomo ndikuyamwitsa pamene ndinamva mayi wa kumunsi akukuwa. Ndinapatsa apongozi mwana n'kuthamanga. Paipi inali itagwa, ndipo zonse za mzere wathu zinkatumphukira pa manihole ya pabwalo pake ngati kasupe. Mabedi a repu anali atamira. Madzi analowa mpaka m'khichini. Iye anali ataima m'menemo mpaka m'akakolo, kamtsikana kali m'manja, kovala kake konyowa, chifukwa kanali panja pamene zinayamba.

Lolemba kamtsikanako kanayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Kanagona ku chipatala masiku atatu, dilipi ili padzanja. Ndinapita kukakaona tsiku lachiwiri nditanyamula malalanje. Kanali gone, maso atalowa m'kati, milomo youma. Mayi ake ankakapukuta ndi kansalu konyowa. Anamwino sananene kuti matendawo achokera kuti, nthawi ya mvula ana ambiri amadwala choncho. Ine ndinakhala pa benchi mphindi zosakwana teni, n'kunama kuti mwana wanga akulira kunyumba. Kanachira. Ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse kuti kanachira, ndipo ndikamathokoza ndimachita manyazi, chifukwa sindidziwa ngati ndikuthokozera mwanayo kapena ine.

Popeza mzere wathu unali kale pa mndandanda ndipo mapaipi anali ataitanitsidwa, okumba anafika sabata yomweyo. Ku Wusakile zimenezi sizichitika. Anthu anazolowera kudikira miyezi. Anakumba ngalande kuseri kwa nyumba zonse, n'kutulutsa zimene zinali m'katimo, n'kuunjika m'mphepete mwa msewu podikira lole. Muluwo unafika m'chiuno mwa munthu. Amuna odutsa ankatukwana ofesi ya zamadzi, ankatukwana mgodi umene unaika mapaipi ang'onoang'ono. Ife amayi a mumzere tinaima patali, ana ali kumsana, aliyense akuyang'ana kwake. Palibe anatukwana. A foromani anatuluka m'ngalande, matope mpaka m'mawondo, n'kutivulira chipewa.

"Amayi anga, sindikufunsa kuti ndi za ndani. Ndingopempha kuti paipi yatsopanoyi muilere ngati khanda. Isadye zolimba."

Ena anaseka chamumtima. Apongozi anga anati, "Bambo amenewa ndi a mpingo uti?" n'kulowa m'nyumba.

Lamulungu lotsatira, titachoka ku Misa, mayi wa kumunsi anabwera kwathu. Kamtsikana kake kanali pambuyo pake, kowonda, katagwira mpendero wa chitenje. Iye ananyamula mbale yovundikira. Anagwada pakhomo, ine n'kumuuza kuti adzuke, iye osadzuka. Anavundukula: chikanda, chakudya chija cha mizu ya kutchire ndi nsinjiro, chimene anaphika yekha, chodula bwinobwino.

"Amake mwana, ndamva zonse," anatero.

Ndinayang'ana pansi.

"A foromani andiuza kuti ndinu munalowa mu ofesi ya abwana ndi vidiyo, makina atanena kuti paipi yathu ili bwino. Akuti munalira mpaka anatilemba ndi bolopeni. Pakadapanda inu bwenzi tikusambira m'zonyansa mpaka Epulo. Ena akaphunzira amaiwala kwawo. Inu ayi. Ndilibe chachikulu, masamba anga onse anapita, koma landirani aka."

Apongozi anali kumbuyo kwanga, mwana ali pamiyendo. Ndinkamva maso awo pamsana. Ndinkatha kunena pomwepo. Anali mawu ochepa: ndinaona mu Ogasiti, amayi, ndinakhala chete. Ndinayang'ana kamtsikana kaja, pamene anabaya dilipi pakadali kachipsera kakuda.

Ndinagwada nanenso, n'kulandira mbaleyo ndi manja awiri.

"Musavutike, amayi," ndinatero. "Ndi ntchito yathu."

Mbale yake ndinabweza Lachiwiri, nditaikamo shuga ndi sopo kuti isabwerere yopanda kanthu. Amandipatsabe moni wa abwana a madzi ndikamadutsa, ndipo akakolola amanditumizira repu. Mpaka lero sindinamuuze.